Kuika app yanu yoyamba pa Google Play

Achimwene, mwati app mwaimaliza koma simukudziwa poyambira kuti ifike m'mafoni a anthu. Yambani ndi kutsegula akaunti ya Google Play Console, tsamba la Google lomwe opanga ma app amatumizirapo ma app awo. Mulipira madola 25 kamodzi kokha, ndipo akufunsani chiphaso chotsimikizira kuti ndinudi.

Kenako tumizani app yanu ngati fayilo ya AAB (mtundu wa fayilo womwe Google Play imafuna pa ma app atsopano), osati APK (fayilo yoikira app mwachindunji pa foni). Ikani zithunzi zooneka bwino, mawu achidule ofotokoza ntchito ya app, ndi tsamba lonena zomwe mumachita ndi zinsinsi za ogwiritsa ntchito.

Pomwe ambiri amagwa ulesi ndi apa. Ngati akaunti yanu ndi ya munthu payekha, yotsegulidwa pambuyo pa 13 November 2023, app iyenera kuyesedwa kaye ndi anthu osachepera 12 kwa masiku 14 otsatizana. Asakeni msanga, ndipo ine ndikanapeza 15, chifukwa wina amatuluka pakati osatsanzika. Mmodzi mwa iwo akhale ndi kafoni kakale kosachedwa kudzaza. Mukhale naye pafupi, muone pomwe chala chake chikukayika, mukonze pamenepo.

Masikuwo akakwana, pemphani chilolezo choti app ituluke poyera.