Mmene ndinathetsera nyerere ndi ntchentche pa tebulo la Khirisimasi

Kuno ku Mulanje, Disembala ndi nyengo ya mango ndi chinanazi, ndiye tebulo la pakhonde timalikongoletsa ndi zipatso zomwezi pa chitenje chatsopano. Vuto linali lakuti lisanathe ola, nyerere zinali zitakwera miyendo ya tebulo, ntchentche nazo zitaunjikana pa chinanazi chodula.

Kuthira phulusa pansi sikunathandize, chifukwa mvula ikawaza pakhonde phulusalo limasanduka matope. Mankhwala opopera sindinawafune pafupi ndi chakudya cha ana.

Ndinatenga zitini zinayi, mwendo uliwonse wa tebulo n'kuulowetsa m'chitini chake, kenako n'kuthiramo madzi mpaka theka ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale. Sopoyo musamuiwale: pa madzi okha nyerere zina zimayandama n'kuwoloka, koma akakhala a sopo zimamira. Ngati miyendo ndi yathabwa, ivekeni kaye kajumbo kuti isafufume. Onetsetsaninso kuti chitenje sichikukhudza pansi, khoma kapena mpando, poti kansonga kamodzi kokha kamasanduka mlatho. Ine ndinachipindira kunsi n'kuchigwiritsa ndi mapini.

Za ntchentche, zipatso zokongoletsera zikhale zosadula: chinanazi chimodzi pakati ndi masamba ake, mango asanu osapsa kwambiri, otsukidwa utomoni n'kupukutidwa, pa tsamba la nthochi. Zoti zidyedwe muzidule abale atakhala kale pansi. Mpunga ndi nkhuku zikhale zovundikira, ndipo makoko muziwataya kudzala nthawi yomweyo, osati m'ndowa ya pakhonde.

Ndinagula mapini okha, zina zonse zinali pakhomo.