Zoyenera Kuchita Pamene Ululu Wokhalitsa Ukuleka n'Kumayambiranso

Kupweteka kwa msana, mutu waching'alang'ala, kutentha kwa mapazi, kupotokola kwa m'mimba ndiponso kutopa kosatherapo ndi mavuto amene akakhalitsa m'thupi sayenda mofanana tsiku ndi tsiku. Munthu amatha kupezako bwino kwa sabata ziwiri kapena zitatu, achibale n'kuyamba kuthokoza kuti wachira, koma tsiku lina n'kudzuka zonse zitabwerera mwakale. Pa nthawi yotereyi ambiri amaganiza kuti mankhwala aja anali opanda ntchito, ena amaopa kuti m'thupimo mwawonongekanso china, ndipo ena amayamba kukayikira kuti pali dzanja la munthu. Kawirikawiri sizikhala choncho. Kukwera ndi kutsika kwa ululu ndi khalidwe la matenda okhalitsa, ndipo mbali yaikulu ya khalidweli imachokera ku ubongo ndi ku mitsempha imene imanyamula uthenga m'thupi.

Musanatsatire malangizo ena alionse, pitani mukapimidwe. Pali zizindikiro zimene siziyenera kutengedwa ngati ululu wamasiku onse, monga kuonda popanda chifukwa, kutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku, chifuwa chopitirira sabata ziwiri, ndi magazi m'chimbudzi kapena mumkodzo. Kufooka kwa miyendo kapena mkono, kulephera kugwira mkodzo, kupotoka kwa kamwa, kupweteka pachifuwa, ndiponso mutu woyamba mwadzidzidzi ndi mphamvu imene simunaimvepo, zimenezi n'zothamangira nazo kuchipatala nthawi yomweyo. Kuno ku Lilongwe mukhoza kuyambira pa chipatala cha m'dera lanu, monga cha ku Kawale, ku Area 18 kapena ku Area 25, ndipo akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. Pemphani kuti akuyezeni shuga, BP, kuchuluka kwa magazi ndi HIV, chifukwa shuga ndi HIV zimatha kuwononga mitsempha ya kumapazi. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid nawonso amatha kubweretsa dzanzi ndi kutentha kumapazi, ndipo n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6.

Achipatala akatsimikiza kuti palibe choopsa chatsopano, ntchito yotsatira ndi kumvetsa mmene ululu umapangidwira. Pamalo povulala pamachoka uthenga umene umadutsa m'mitsempha, n'kulowa mu mtsempha waukulu wa m'kati mwa fupa la msana, kenako n'kukafika ku ubongo, ndipo ubongowo ndi umene umaweruza kuti munthu amve kupweteka kochuluka bwanji. Mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza kuti uthengawu ukhoza kukulitsidwa kapena kuchepetsedwa pamsanapo usanafike ku ubongo, ndipo n'chifukwa chake munthu akapunthwa n'kusisita pamalopo ululu umachepako. Mu 1983 Clifford Woolf anaonetsa pa kafukufuku wa makoswe kuti kuvulala kumatha kusintha mitsempha ya mumsanayo kuti izichita changu mopitirira muyeso. Zili ngati galu wa pakhomo pamene panabwerapo akuba, amene pambuyo pake amauwa ngakhale tsamba la mango likangogwera padenga. Mnofu kapena mtsempha umene unavulala ukhoza kupola m'miyezi ingapo, koma mitsempha yonyamula uthenga n'kukhalabe tcheru, moti kuwerama pang'ono kapena kukhala nthawi yaitali mu minibasi kumabweretsa ululu waukulu. Ululu umenewu ndi weniweni, ndipo amene akuumva sakunamizira kapena kuchita ulesi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ululu ndi wokhalitsa ukapitirira miyezi itatu, ndipo m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022 linavomereza kuti ululu wotere ukhoza kukhala nthenda paokha.

Palinso gawo lina la mitsempha limene limagwira ntchito popanda ife kulilamula, loyendetsa kugunda kwa mtima, kugaya chakudya ndi kutuluka kwa thukuta. Mbali imodzi ya gawoli imakonzekeretsa thupi kulimbana ndi choopsa: mtima umathamanga, minofu imakungika, ndipo tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa timadzi ta m'thupi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mbali inayo, imene mtsempha wotchedwa vagus umagwiramo ntchito yaikulu, imabweza thupi kuti lipume. Nkhawa ya lendi ndi fizi, kugona kumaliro masiku awiri, mkangano wa m'banja kapena kusowa tulo chifukwa cha kutentha kwa mu Okutobala zimachititsa kuti mbali yoyamba ija igwire ntchito nthawi yaitali, ndipo pamenepo ululu, mutu ndi m'mimba zimabuka ngakhale kuti palibe chimene chavulala chatsopano.

Chinthu china chimene chimasokoneza anthu n'chakuti ambirife timafunafuna thandizo latsopano pamene ululu wafika pachimake. Popeza ululu wokwera kwambiri umatsika wokha pakapita masiku, ulemu umapita kwa mankhwala kapena zitsamba zimene tinagula sabata imeneyo, ndipo ukabwereranso timati zasiya kugwira ntchito n'kukagula zina. Ndalama zambiri za mabanja zimathera m'njira imeneyi, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa odwalawo amakhala akungofuna mpumulo.

Kuti muone chimene chikuchitika m'thupi mwanu, pezani kope ndipo muzilembamo madzulo alionse kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Lembani kukula kwa ululu kuyambira pa 0 mpaka 10, maola amene munagona, ntchito imene munagwira, mankhwala amene munamwa ndi chimene chinakuvutitsani maganizo, ndipo amayi awonjezerepo masiku a msambo. Powerenga musayang'ane tsiku la ululu lokhalo, koma mubwerere m'mbuyo tsiku limodzi kapena awiri, pakuti nthawi zambiri choyambitsa chimakhala kumeneko.

Anthu ambiri akawerenga kope lawo amapeza kuti ululu waukulu unabwera pambuyo pa tsiku labwino kwambiri, ndipo m'kuona kwanga apa ndi pamene pagona nkhani yonseyi. Mayi amene wagona sabata yathunthu akadzuka bwino amafuna kuchapa zovala zonse zimene zinaunjikana, kukolopa, kupita kuchigayo ndi kukapikula ku msika wa Tsoka tsiku lomwelo. Kalipentala wa ku Mchesi amafuna kumaliza mipando yonse imene inachedwa, ndipo amene ali ndi munda kunja kwa tauni amapalira kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litapendeka. Palibe angawadzudzule, chifukwa ntchito sidikira ndiponso pakhomo pamafunika chakudya. Komabe mitsempha imene ili tcheru imalandira ntchito yadzidzidziyi ngati choopsa, munthu n'kugonanso masiku angapo, minofu n'kufookerafookera, ndipo ulendo wotsatira ntchito yochepa chabe imakwanira kuutsa ululu.

Njira yothetsera zimenezi ndi kugwira ntchito motsatira nthawi osati motsatira mmene mukumvera. Yezani mphindi zimene mumatha kuchapa, kuyenda kapena kukhala pamakina osokera ululu usanakwere, ndipo muchite zimenezi pa masiku abwino ndi oipa omwe. Ngati nthawi zambiri ululu umakwera pakatha mphindi 30, muzilekeza pa mphindi 20 kapena 25, mupume pang'ono kapena musinthe ntchito, kenako mubwererenso. Chovuta kwambiri ndi kuleka pa tsiku limene mukumva mphamvu, koma mlingowo ndi umodzimodzi pa tsiku labwino ndi pa tsiku loipa. Mukaona kuti sabata yatha popanda kubuka kwakukulu, onjezerani mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Fotokozerani a m'banja mwanu dongosololi, kuti akakuonani mutakhala pansi ntchito isanathe adziwe kuti mukutsatira chithandizo. A mafizo, amene amapezeka ku Kamuzu Central, angakuthandizeni kusankha masewera olimbitsa thupi oyenera vuto lanu.

Pali gulu limodzi limene liyenera kusamala kwambiri pa nkhani yoonjezera ntchito. Anthu ena, kuphatikizapo ena amene anadwala COVID-19, amafooka kwambiri patapita maola 12 mpaka 48 atagwira ntchito yochepa, ndipo kufookako kumatenga masiku. Kwa oterewa kudzikakamiza kumawonjezera matenda, moti mu 2021 bungwe la NICE, lopereka malangizo a za umoyo ku Britain, linasiya kulangiza odwala nthenda ya kutopa kokhalitsa kuti aziwonjezera masewera motsatira ndondomeko yosasintha. Ngati kope lanu likuonetsa zimenezi, musapitirire mlingo wa mphamvu zanu ndipo muwauze achipatala.

Konzekeranitu za tsiku limene ululu udzabwerere, chifukwa udzabwerera ndithu ngakhale mutatsatira zonse bwino. Tsikulo likafika, yambani ndi kufufuza ngati pali chimodzi mwa zizindikiro zoopsa zija. Ngati palibe, dzikumbutseni kuti ululu womwewu unabwerapo kale ndipo unatsika, pakuti mantha nawonso amakulitsa uthenga wa ululu. Chepetsani ntchito kwa masiku awiri kapena atatu koma musagone tsiku lonse. Muziyendako pang'ono pabwalo, ndipo muthowe pamalo popwetekapo ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda. Ngati mapazi anu ali ndi dzanzi, yesani madziwo ndi chigongono kuti musapse. Pumani mpweya mwapang'onopang'ono, kasanu ndi kamodzi pa mphindi, ndipo kutulutsa mpweya kuzitenga nthawi yaitali kuposa kukoka, chifukwa kupuma kotere kumathandiza mbali ya mitsempha imene imakhazika mtima pansi. Yesetsani kugona ndi kudzuka pa nthawi yofanana, ndipo ululu ukatsika mubwerere ku mlingo wanu wakale pang'onopang'ono.

Pa nkhani ya mankhwala, kupezako bwino si chilolezo chosiyira. Mankhwala a BP, a shuga, a khunyu ndi ma ARV amamwedwa mosalekeza, ndipo amene wasiya chifukwa choti akumva bwino amadziika pangozi yaikulu. Amitriptyline, amene madokotala amapereka pa mlingo wochepa pofuna kuziziritsa ululu wa m'mitsempha, amatenga sabata zingapo kuti ayambe kuthandiza ndipo sayenera kusiyidwa mwadzidzidzi. Mankhwala ogula pagolosale nawo ali ndi vuto lake: kumwa Panado kapena ibuprofen chifukwa cha mutu masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi, kwa miyezi yopitirira itatu, kumatha kuyambitsa mutu wa tsiku ndi tsiku, ndipo ibuprofen, diclofenac ndi Indocid zimatha kubweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Mukamabwerera kuchipatala mutenge buku lanu lakuchipatala, kope lija ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo zitsamba, ndipo ngati nkhawa, kusowa tulo kapena kutaya mtima zakula, muzinene kwa dokotala monga mmene munganenere za msanawo, kuti zithandizidwe pamodzi.