Musanakumbe maziko kuno ku Salima, yambani mwawerenga malo

Mvula ikangokata ambiri kuno timayamba kuumba njerwa, ndalama ya mpunga kaya ya thonje kaya ya usipa yalowa, ndiye funso lomwe mumakonda kutifunsa alangizi ndi lakuti njerwa zingati zikwana nyumba ya zipinda zitatu. Funso labwino ndithu koma limabwera msanga. Ana athu omwe amaphunzira zojambula mapulani a nyumba ku MUBAS ku Blantyre, ija tinkati Poly, amaphunzitsidwa kuti usanajambule khoma uyambe wawerenga malowo, dzuwa likutulukira kuti, mphepo ikuchokera kuti, madzi a mvula amathamangira kuti, dothi lake ndi lotani. Izi ngakhale inu a bambo ndi a mayi mutha kuchita ndi maso anu, sizilira digiri. Chomwe chimandiwawa ndi pulani yongotenga pa WhatsApp, nyumba yojambulidwira ku Area 47 kaya ku Johannesburg, nkuitula ku Chipoka momwe iliri.

Tiyambe ndi dzuwa poti kuno Okutobala sasewera. Makoma aatali a nyumba ayang'ane kumpoto ndi kumwera, aafupiwo ndiye kum'mawa ndi kumadzulo. Chifukwa chake nchakuti masana dzuwa limakhala pamwamba ndipo denga lotulukira kunja bwino, tinene masentimita 60, limaphimba makoma a kumpoto ndi kumwera, koma la madzulo lija limabwera chopendekera nkuwotcha khoma mpaka njerwa kusunga moto, usiku wonse chipinda chimangokhala ngati uvuni wa mabanzi, ana kugona pakhonde udzudzu nkumawadya. Ndiye kumadzuloko ikani bafa, sitolo, osati chipinda chogona, ndipo dzalani nimu kapena mango chapatali pang'ono, osagunda khoma. A ku Senga Bay ndikudziwa mumafuna nyumba iyang'ane kunyanja, palibe vuto, nyanja ili kum'mawa ndipo kamphepo ka masana kamachokera komweko, ingoikani khonde lalikulu mbali imeneyo.

Mawindo akhale mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mpweya ulowe uku utuluke uko. Windo limodzi m'chipinda, lina loti silitseguka, ndi kungokongoletsa basi. Maventi apamwamba musawatseke ndi simenti ati kuopa fumbi, ikanimo kaneti, mpweya wotentha umakwera m'mwamba ndipo umafuna potulukira. Ndalama ikalola ikani siling'i.

Tsopano dothi, apa ndiye ndichedwepo. Malo ambiri kuno ndi makande, dothi lakuda lija lomwe mvula ikagwa limatupa, chilimwe nkung'ambika ming'alu yoti phazi la mwana kulowa. Nyumba ikakhala pa maziko osaya imavina limodzi ndi dothilo chaka ndi chaka, mapeto ake mng'alu woyambira pakona ya windo kutsetsereka mpaka pansi, chitseko chosatsekeka nthawi ya dzinja, anthu nkumati bilidala anaba simenti, mwinanso kuganizirana zamatsenga, pomwe vuto lili pansi. Kumbani kaye dzenje loyesera musanagule kanthu, muone dothi lolimba layambira pati, ndipo maziko akafike pamenepo. Ngati makande apitirira kuya musachite manyazi, funsani injiniya, kukhonsolo ya boma aliko odziwa za zomangamanga. Pamwamba pa maziko yalani pulasitiki wakuda uja kuti chinyontho chisakwere khoma, pansi pa nyumba pakwere kuposa bwalo, ndipo kuzungulira nyumba kukhale kotsetsereka madzi azithawa khoma. Funsaninso agogo a m'mudzimo kuti madzi anafikapo pati. Mitsinje ya Linthipe ndi Lifidzi tikuyidziwa ikakwiya, ndipo 2024 tonse tinaona nyanja ikulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo omwe anamangidwa pamchenga penipeni.

China chomwe achinyamata sadziwa, kuno kunachitika chivomerezi chachikulu pa 10 Malichi 1989, anthu anafa ndipo masauzande anasowa pokhala, ku Karonga nako chinagwedeza mu Disembala 2009. Tili mu chigwa chomwe nthaka imagwedezeka, ndiye nyumba iyenera kugwirana ngati chinthu chimodzi. Ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo uja, azungulire makoma onse mpaka a m'kati, osangoika kalintala pamwamba pa chitseko nkumati zatha. Windo kapena chitseko chisayandikire pakona, siyani masentimita 60, m'makona njerwa zilumane bwino, ndipo nyumba yamakona anayi yosavuta imalimba kuposa ija yokhotakhota yofuna kudabwitsa odutsa. Konkire mukathira muziithirira madzi sabata yathunthu, kutentha kwa kuno imauma msanga isanakhwime.

Denga nalo. Mwera ukamawomba kapena kamvuluvulu wa mvula zoyamba, malata omwe amasasuka ndi aja mitengo yake inangokhazikidwa pakhoma nkutsamiritsa miyala pamwamba. Mangirirani mapaso ku ring beam ndi waya wokhuthala yemwe munamuika kale muli kuthira konkire, matabwa apakeni mankhwala a chiswe, ndipo denga lotsetsereka mbali zonse zinayi mphepo imavutika kulinyamula kusiyana ndi la mbali ziwiri.

Za njerwa, kuyambira 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, choncho ngati mukumanga shopu kapena sukulu ganizirani mabuloko a simenti kapena njerwa zopanikiza pamakina zija.

Pomaliza pake jambulani papepala, sentimita imodzi iimire mita imodzi, mujambulemo bedi, matumba a chimanga, njinga, muone ngati munthu angadutse. Mayi a pakhomo akhalepo pojambulapo chifukwa ndi iwo akudziwa kuti utsi wa kukhitchini umapita kuti komanso mtunda wa kotunga madzi. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30, makamaka kumchenga kuno komwe madzi apansi ali pafupi. Mukatero khomani zikhomo, kokani chingwe, mubwere madzulo cha m'ma 3 koloko mudzaime m'chipinda chilichonse muone komwe dzuwa likumenya musanaitane okumba.