Kapangidwe ka pudding yozizira ya chinanazi

Zofunika: chinanazi chakupsa bwino chimodzi, mkaka theka la lita, masipuni 3 a kasitadi, shuga, mabisiketi a Marie komanso firiji.

1. Sendani chinanazi, chotsani mtima wolimba uja, duladulani tizidutswa.
2. Chiphikeni ndi shuga pang'ono mphindi 10. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amangochithira chachiwisi ndiye kasitadi amasanduka madzimadzi n'kuyamba kuwawa, musadumphe sitepe iyi chonde.
3. Sungunulani kasitadi ndi kamkaka kozizira, thirani mu mkaka wowira uku mukutakasa mpaka alimbe ngati phala.
4. Zikazizira, yalani mabisiketi m'mbale, kenako kasitadi, chinanazi pamwamba.
5. Ikani mu firiji maola 4, koma kugona usiku wonse ndiye imakoma zedi.