Kasamalidwe ka mphete yokhala ndi mwala

Mphete yopangidwa pamanja ikataya mwala, kupeza wina wofanana nawo n'kovuta. Nthawi zambiri mwalawo umagwiridwa ndi timano ta mpheteyo 4 kapena 6, ndipo timanoti timaperepeseka pang'onopang'ono. Mwezi uliwonse ikani mpheteyo pafupi ndi khutu n'kuigogoda ndi chala. Mukamva mwala ukugwedera, kapena timano tikamakola ulusi wa zovala, ivuleni mupite nayo kwa mmisiri. Musamate ndi guluu, amaphimba kuwala kwa mwala koma timanoto n'kukhalabe tofooka.

Poitsuka, iviikeni mphindi 15 m'madzi ofunda othira madontho awiri a sopo wotsukira mbale, kenako pitsani mswachi wofewa kunsi kwa mwala, poti ndi komwe litsiro limaunjikana. Klorini amafooketsa golide, mupeweni. Ngale ndi emarodi (mwala wobiriwira wamtengo wapatali) musaziviike, ingozipukutani ndi kansalu konyowa.

Dayamondi muziisunga payokha, imakanda miyala ina.