Kukopa anzanu m'kalasi pa nkhani yofuna lamulo

Mukapatsidwa mphindi 5 zoti mulankhule, musasankhe mutu waukulu ngati umphawi. Tengani vuto looneka ndi maso, monga fumbi la malasha ku Moatize, m'dziko la Mozambique, lomwe limadetsa zovala zoyanika pachingwe. Mphindi yoyamba onetsani vutolo. Ziwiri zotsatira nenani chomwe mukufuna chichitike ndi woyenera kuchichita, kaya boma kaya eni migodi: kuthira madzi m'misewu, kuphimba malole ndi lona. Ambiri amagwera pamenepa, amangodandaula mpaka nthawi kutha osapempha kanthu.

Wina adzati migodi ikupatsa anthu ntchito. Muyankheni asanadzutse dzanja.

Mantha akamakuvutani, lembani timawu tochepa pakapepala, osati nkhani yonse, chifukwa wowerenga maso amakhala pansi. Yesererani mokweza katatu, wotchi ili pambali.