Momwe mungalimire zomera zodya tizilombo pakhomo panu

Munthu wofuna kulima zomera zodya tizilombo ayenera kuyamba wadziwa kumene zimamera mwachilengedwe, chifukwa chisamaliro chake chonse chagona pamenepo. Zambiri zimamera pa lowe, pomwe dothi ndi la asidi ndiponso losowa nayitirojeni, ndipo n'chifukwa chake zimagwira ntchentche, nyerere ndi udzudzu kuti zipeze chakudya chimene dothi silingazipatse. Venus flytrap, yomwe masamba ake amatsekeka ngati msampha, kwawo ndi dera laling'ono lozungulira mzinda wa Wilmington, m'zigawo za North Carolina ndi South Carolina ku America, ndipo anthu anaizula kwambiri kutchire mpaka mu 2014 North Carolina inakhwimitsa chilango cha mlanduwu. M'madambo ena a ku Malawi ndi Zambia namonso mumamera Drosera madagascariensis, kachomera kofiirira kokhala ndi timadontho tonata ngati ulimbo pamasamba. Mukakapeza, kaoneni n'kukasiya pomwepo.

Choyamba, sankhani mtundu wosavuta. Ine ndimalangiza oyamba kumene kuti atenge Drosera capensis ya ku Cape, ku South Africa, popeza imapirira zolakwika zambiri ndipo siifuna nyengo yogona, yomwe ndi nthawi yozizira imene chomera chimasiya kukula. Gulani mbewu kapena mbande kwa olima maluwa amene amazichulukitsa okha.

Chachiwiri ndi dothi, ndipo apa ndi pamene alimi odziwa bwino ntchito ya kumunda amalakwitsa kwambiri. Manyowa, kompositi, phulusa ndi feteleza wa mtundu uliwonse zimawotcha mizu ya zomerazi, ngakhale mutathira pang'ono chabe. Sakanizani muyeso umodzi wa peat moss (zomera zowola za m'dambo) wopanda feteleza ndi muyeso umodzi wa perlite (timiyala toyera topepuka) kapena mchenga wa silika, mutautsuka kangapo mpaka madzi ake atayera. Dzalani mumphika wa pulasitiki wobowola pansi, chifukwa mphika wadothi umatulutsa mchere pang'onopang'ono umene umaunjikana m'dothimo.

Chachitatu ndi madzi, omwe ndikuona kuti ndi ofunika kuposa zonse. Madzi a pa mjigo ndi a pachitsime nthawi zambiri amakhala ndi mchere wosungunuka umene ife sitiumva pakamwa, koma umapha chomeracho m'miyezi yochepa, ndipo kuwiritsa madziwo sikuchotsa mcherewo. Gwiritsani ntchito madzi a mvula. Dzinja likayamba mu Novembala kapena Disembala, lolani mvula yoyamba itsuke fumbi la padenga, kenako tungani madzi okwanira m'migolo yovundikira kuti akufikitseni kumapeto kwa chilimwe. Ikani mphika m'mbale yokhala ndi madzi okwana sentimita imodzi kapena awiri, kuti dothi lizikoka chinyontho kuchokera pansi monga zimakhalira kudambo, ndipo musalole kuti liume ngakhale tsiku limodzi.

Chachinayi, ikani mphika pamalo pofika dzuwa kwa maola osachepera anayi, makamaka la m'mawa. Chomera chikamatumbuluka ndiponso timadontho tikasowa pamasamba, kawirikawiri ndiye kuti kuwala kwachepa.

Pa nkhani ya chakudya, chomera chokhala pakhonde chimadzigwirira chokha tizilombo, choncho musachipatse nyama, nsima kapena usipa, chifukwa tsamba limangowola. Ngati mwasankha Venus flytrap, auzeni ana kuti asamaigwiregwire. Msampha wake umatsekeka pamene tiubweya ta mkati takhudzidwa kawiri m'masekondi pafupifupi 20, ndipo tsamba lililonse limatsekeka maulendo owerengeka lisanafe, motero kuliseweretsa kumafooketsa chomera chonse. Mtunduwu umafunanso kugona miyezi itatu kapena inayi pamalo ozizira, zomwe n'zotheka m'madera okwera ngati Dedza m'nyengo yozizira, koma n'zovuta m'chigwa cha Shire. Nthawi imeneyi masamba ena amada, koma musataye mphikawo. Chepetsani madzi m'mbale n'kusiya dothi lili lonyowa pang'ono.

Drosera capensis ikakhwima imatulutsa maluwa ofiirira pa phesi lalitali, ndipo imabereka yokha njere zakuda zazing'ono ngati fumbi. Phesi likauma, ligwedezereni papepala loyera, kenako wazani njerezo pamwamba pa dothi lonyowa osazikwirira, chifukwa zimafuna kuwala kuti zimere. Pakatha milungu ingapo mudzaona timbande tating'onoting'ono tili kale ndi timadontho take ta ulimbo, ndipo tikakula kufika sentimita imodzi mukhoza kutiwokera m'miphika ina.